Sukulu Kuno Kwathu: Anaitsekula Ndani, Anaitseka Ndani

M'mabanja ambiri a kuno ku Chidzolomondo, ku Furancungo, ku Ntengo-wa-Mbalame ndi ku Tsangano, munthu woyamba kumaliza sukulu ya primária akali moyo. Kwina ndi agogo, kwina ndi amalume a zaka 50 cabe. Sukulu ndi mlendo wa dzulodzuloli pakati pathu, ndipo mlendoyu sanakhalepo mwamtendere nthawi yaitali. Pa zaka zopitirira pang'ono 100 wabwera, wathamangitsidwa, wabweranso, watenthedwa, wamangidwanso ndi mitengo ndi udzu.

Ndikulemba mbiriyi cifukwa ca funso limene limatifika pa wailesi caka ndi caka, nyengo yolembetsa ana ikayandikira. Makolo amati: mwana wa mnansi wathu anamaliza kalasi 12, lero akugulitsa petulo wa m'mabotolo pamsewu, nanga wathuyu timutumizirenji kusukulu pamene fodya akupsa m'munda? Funso limeneli si lopusa, ndipo siliyenera kuyankhidwa mwacipongwe. Koma mlandu sagamula asanamve mboni. Tisanaiweruze sukulu, tiyeni timve kaye kumene yacokera ndi zimene yakumana nazo panjira.

Kusanabwere coko ndi bolodi

Makolo athu akale anali ndi maphunziro awo. Mnyamata ankalowa kudambwe, mtsikana ankavinidwa cinamwali m'manja mwa anamkungwi, ndipo pabwalo acinyamata ankakhala kumbuyo kwa akulu n'kumamva mmene mlandu amautambasulira. Angoni a Maseko atakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870, anabwera ndi maphunziro awonso, a kuweta ng'ombe, a nkhondo ndi a ulemu wa pamaso pa mfumu. Luso la manja linkayenda kucokera kwa mmisiri kupita kwa mwana. Wosula anali ndi anyamata omupopera mvukuto, ndipo patapita zaka anyamatawo ankasula okha makasu ndi nkhwangwa. Woumba mbiya, woluka malicero, womanga nkhokwe, onse anaphunzira poona, pogwira, podzudzulidwa ndi pobwereza. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuvomereza mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse, ndi mboni yakuti maphunziro amenewa anali ndi mizu yozama.

Cimene cinkasowa ndi cilembo, ndipo kusowa kwake kunayamba kupweteka ulamuliro utasintha. Mu 1891 Apwitikizi ndi Angelezi anagwirizana za malire, n'kudula pakati midzi ya mtundu umodzi. Mu 1902 ufumu wa Makanga, umene banja la a Pereira linkaulamulira kucokera ku Muchena, unagwa mfumu Chinsinga atagonjetsedwa. Ulamuliro watsopano unabwera ndi pepala m'manja: pepala la msonkho, mndandanda wa maina a opita kucibalo, citupa ca paulendo. Munthu wosadziwa kuwerenga, ngakhale akhale wanzeru cotani pabwalo, anatsala m'manja mwa womasulira ndi sipayi.

Lifidzi ndi Mphatso

Sukulu za cilembo zinafika m'mapiri muno ndi amishoni, kudzera njira ziwiri. Ansembe a Cijezuita, amene anali ndi mishoni ku Boroma pafupi ndi Tete kuyambira mu 1885, anakwera kumtunda, ndipo pofika 1909 anali atakhazikika ku Lifidzi, ku Angónia. Caka comweco mishoni ya Dutch Reformed, yocokera ku Nyasaland kumene inali kale ndi Mvera, Nkhoma ndi Mlanda, inatsekula malo ake ku Mphatso pansi pa mbusa A. G. Murray. Sukulu za m'midzi za amishoni a Mphatso zinkaphunzitsa m'Cinyanja, ndi mabuku osindikizidwa kutsidya kwa malire. Mwana ankayamba kuwerenga mawu amene amawamva kale kunyumba.

Koma taonani mmene zinthu zocitika kutali zinkatsekera zitseko za kuno. Mu Outubro 1910 ufumu wa ku Portugal unagwetsedwa, ndipo boma latsopano linathamangitsa Ajezuita m'maiko onse olamulidwa ndi Apwitikizi. M'malo mwawo munalowa amishoni a Verbo Divino, ambiri a iwo Ajeremani. Mu 1916 Portugal ndi Germany analowa m'nkhondo, ndipo nawonso anacotsedwa. Mu 1922 boma linatseka mishoni ya Mphatso pamodzi ndi sukulu zake, posafuna amishoni acilendo pafupi ndi malire. Pa zaka 13 zokha sukulu za dera lino zinagwedezeka katatu, ndipo panalibe mfumu kapena kholo la kuno limene linafunsidwa maganizo.

Anthu sanakhale pansi n'kupinda manja. Amene anali atalawa kuwerenga anayamba kuwoloka malire, kupita ku Mlanda, ku Mphunzi ndi ku Nkhoma kukaphunzira ndi kukabatizidwa. M'nyengo yomweyo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'Cinyanja, ndipo linkalowa kuno m'mitolo ya anthu apaulendo. Agogo ambiri amene tinawapeza akuwerenga bwino Cinyanja, koma osadziwa Cipwitikizi, anaphunzira motero. Njira yopita kusukulu za ku Malawi, imene ana ena a m'malire akuyendabe lero, inalambulidwa m'masiku amenewo.

Sukulu ya anthu akuda

Malamulo a mu 1929 analetsa kuphunzitsa m'zilankhulo zathu, kupatula pa nkhani za cipembedzo. Mu 1930 boma la atsamunda linagawa sukulu pawiri. Ana a Azungu ndi a anthu ocepa ochedwa assimilados anali ndi sukulu za boma. Ana athu, amene lamulo linkawacha indígenas, anapatsidwa ensino rudimentar, zaka zitatu za Cipwitikizi, masamu pang'ono ndi katekisimu. Pangano la Portugal ndi Vaticano la mu 1940, ndi lamulo la amishoni la mu 1941, zinapereka sukulu zimenezi m'manja mwa Mpingo wa Katolika. Ajezuita anabwerera ku Lifidzi mu 1941, ndipo mu 1945 anatsekula mishoni ya Fonte Boa, imene lero ili m'boma la Tsangano.

Tinene zoona mbali zonse ziwiri. Pa mishoni anyamata anaphunzira ukalipentala, kumanga ndi njerwa ndi ulimi, ndipo kunatuluka aphunzitsi, akatekisita ndi ansembe a m'dziko muno. Mmodzi mwa iwo ndi Bambo João de Deus Kamtedza, wobadwira ku Angónia mu 1930, amene anakhala wansembe wa Cijezuita. Koma khomo linali lopapatiza mwadala. Mwana wa zaka 7 kapena 10 ankalandiridwa tsiku loyamba m'cilankhulo cimene sanacimvepo. Ambiri ankabwereza kalasi imodzi kawiri kapena katatu, ndipo mbali ya tsiku ankaithera m'munda wa sukulu. Wocepa amene wapyola mayeso onse ankapeza kuti wapitirira zaka zololedwa kulowa sukulu yapamwamba. M'midzi ya kutali ndi mishoni, monga yambiri ya kuno ku Macanga, kasukulu kakapezeka kankakhala ka kacisi, mphunzitsi mmodzi, ana a misinkhu yonse.

Tsono sukulu yeniyeni ya luso kwa amuna ambiri a mbadwo umenewo inali ulendo. Pothawa cibalo, msonkho ndi mbalamatodya, ankapita kuminda ya fodya ya ku Rhodesia, ku Wankie, ku Joni. Anabwerako ndi njinga, makina osokera, luso la kuyendetsa galimoto, la kuwocherera zitsulo ndi la kucita fodya. Atsikana sanapite kusukulu, sanapitenso paulendo. N'cifukwa cake mpaka lero m'midzi yathu agogo aakazi odziwa kulemba dzina lawo ndi owerengeka.

Mu 1961 lamulo la indigenato linathetsedwa, ndipo atsamunda anayamba kuwonjezera sukulu mothamanga. Anacedwa nazo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Setembro 1964, ndipo mu 1968 inafika mwamphamvu m'cigawo ca Tete. Anthu ena anasonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda, ma aldeamento. Ena anali kuchire, kumene FRELIMO inkaphunzitsa ana pansi pa mitengo, okonzeka kubalalika akangomva ndege.

Zitseko zitsekuka

Pa 25 Junho 1975, tsiku la ufulu, anthu pafupifupi 93 pa 100 alionse m'Moçambique sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ciwerengero cimeneci cokha cikukwanira kuweruza sukulu ya atsamunda. Pa 24 Julho caka comweco Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse, kuphatikizapo za mishoni, zili m'manja mwa boma. Graça Machel anakhala nduna ya maphunziro. Ana anakhamukira kusukulu kuposa kale lonse, pamene aphunzitsi ambiri a Cipwitikizi anali atacoka. Boma linatenga acinyamata amene anali atangophunzira pang'ono n'kuwaimika kutsogolo kwa kalasi. Pa 8 Março 1977 ophunzira a makalasi apamwamba anaitanidwa kusiya zofuna zawo kuti akakhale aphunzitsi ndi anchito ena a boma. Mu 1978 kunayamba kampeni yophunzitsa akulu kuwerenga, ndipo amayi amene sanagwirepo pensulo anakhala pansi masana ndi ana kumbuyo. Ana ena anatumizidwa kukaphunzira ku Cuba. Mu 1983 lamulo la Sistema Nacional de Educação linakhazikitsa makwerero amodzi a sukulu kwa mwana aliyense, wa m'tauni ndi wa kumudzi.

Imeneyi inali nchito yaikulu, ndipo ambiri a ife sitikanadziwa kulemba popanda iyo. Komabe zinthu ziwiri zinatsalira kunja kwa kalasi. Coyamba ndi cilankhulo: pofuna kumanga mtundu umodzi, boma linasunga Cipwitikizi cokha m'sukulu, ndipo mwana wolankhula Cinyanja pabwalo la sukulu ankadzudzulidwa monga kale. Caciwiri ndi mwambo: gule ndi cinamwali zinkachedwa zinthu za mumdima. Akuluakulu ambiri anaona ngati sukulu yabwera kudzalanda ana, ndipo kukayikirana kumeneko sikunatheretu.

Moto

Nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO, imene inatha zaka 16, inafika m'mapiri muno ca pakati pa zaka za m'ma 1980. Sukulu ndi cipatala zinali zizindikiro za boma m'mudzi, conco zinali zoyamba kutenthedwa. Kukhala mphunzitsi kunasanduka mlandu, ndipo ambiri anabisa mabuku awo kapena kuwakwirira. Pa 30 Outubro 1985 Bambo Kamtedza ndi mnzawo Bambo Sílvio Moreira anatengedwa usiku ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, n'kuphedwa. M'dziko lonse sukulu za primária zoposa theka zinawonongeka kapena kutsekedwa, ndipo Tete cinali cimodzi mwa zigawo zimene zinapsa koposa. Kuyambira mu 1986 midzi yathunthu inawoloka malire, mpaka othawa nkhondo ku Malawi anafika pa miliyoni imodzi.

Ine ndinali mmodzi mwa ana amene anawoloka. Zilembo zanga zoyamba ndinazilemba ndi cala padothi, m'boma la Dedza, pakati pa abale amene anatigawira malo omanga ndi olima. Mphunzitsi wathu anali wothawa nkhondo mnzathu. Ankatiphunzitsa Cipwitikizi m'dziko limene palibe ankacilankhula, ndipo makolo athu, amene ankadya ufa ndi nandolo zolandira pamzere, ankatidzutsabe m'mawa kuti tipite. Ankadziwa kuti tsiku lina tidzabwerera, ndipo sanafune kuti tikakhale alendo kwathu komwe. Ana ena analowa sukulu za Amalawi n'kuphunzira Cicewa ndi Cingelezi. Enanso ambiri, makamaka amene anatsala kuno, anakula osaona bolodi. Anthu amenewa ndiwo makolo a ana a sukulu a lero. Tikamadandaula kuti kholo silithandiza mwana kulemba nchito ya kunyumba, tizikumbukira kumene kholo limenelo linali pa zaka 8.

Kumanganso

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu anabwerera kumabwinja awo. M'midzi yambiri sukulu yoyamba inamangidwa ndi eni mudzi boma lisanafike: amuna kudula mitengo, amayi kumweta udzu ndi kuzira, anyakwawa kupereka malo. Mu 1994 Malawi anacotsa malipiro a sukulu za pulayimale, ndipo mabanja ena a m'malire anasiya ana awo kutsidya kuti apitirize komweko. Kuno malipiro a primária anathetsedwa m'zaka za 2004 ndi 2005, ndipo mabuku a makalasi amenewa boma limagawa ulele.

Cinthu cina cacikulu cinayambira m'cigawo cathu comwe cino. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa nchito yochedwa PEBIMO: Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete, Xichangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Zinaoneka kuti ana ankayankha, ankafunsa mafunso, ndipo makolo ankatha kutsatira zimene ana awo akuphunzira. Kucokera mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Patapita zaka zoposa 70 cicokereni malamulo a 1929, cilankhulo ca mayi cinabwerera m'kalasi poyera. Dongosolo la maphunziro la mu 2004 linapatulanso gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya kalasi kuti likhale la currículo local, ndiko kuti zinthu za m'dera lomwelo zimene anthu ake aona kuti ana ayenera kudziwa.

Ngakhale m'masiku a mtendere zitseko zatsekedwapo. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'madera ena a Moatize ndi Tsangano. Sukulu zina zinaima, ndipo anthu masauzande anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Mu Março 2020 matenda a Covid-19 anatseka sukulu zonse za m'dziko. Ana a m'tauni ena anaphunzira pa televizhoni ndi pa intaneti. Kuno cinatsala ndi wailesi, ndipo atsikana ambiri amene anapita kunyumba nthawi imeneyo sanabwererenso.

Makwerero a lero

Lamulo la maphunziro la mu 2018 linasintha makwerero. Primária tsopano ndi kalasi 1 mpaka 6, secundária ndi kalasi 7 mpaka 12. Mwana ayenera kulowa kalasi 1 m'caka cimene akukwanitsa zaka 6, ndipo lamulo likuti aphunzire mpaka kalasi 9, popanda kulipira ndalama yolembetsera m'sukulu za boma.

Lamulo lomweli linavomereza maphunziro a ana aang'ono kukhala mbali ya dongosolo la dziko. Izi ndi zimene timazicha escolinha, sukulu ya mkaka. Mu 2012 boma linakhazikitsa ndondomeko ya ana osafika msinkhu wa sukulu, ndipo Tete cinali cimodzi mwa zigawo zisanu zoyesera. Koma ma escolinha ambiri a kumudzi amaima pa mapewa a mipingo ndi a eni mudzi: cisakasa, amayi awiri kapena atatu odzipereka, phala ngati lapezeka. Phindu lake si lakuti mwana wa zaka 4 aloweze Cipwitikizi. Amazolowera kukhala ndi anzake, kugwira coko, kumvera nthano mpaka kumapeto, ndipo tsiku lolowa kalasi 1 salira. Mlongo wake wamkulu nayenso amamasuka kupita kusukulu m'malo mokhala mlezi. M'mera mpoyamba.

Pamwamba pa primária njira zilipo, ngakhale zambiri zili kutali ndi Chidzolomondo. Ku Fonte Boa kuli sukulu ya zaulimi. Ku Msaladzi, m'boma la Tsangano, Ajezuita anamanga Escola Secundária Inácio de Loyola, yokhala ndi malo ogona ophunzira. Ku Ulónguè, kumene kale kunkachedwa Vila Coutinho, kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi, kuli gawo la zaulimi la Universidade Zambeze, kulinso Hefsiba ya Igreja Reformada, mpingo womwe uja unatsekeredwa ku Mphatso. Ku Moatize kuli sukulu ya za miyala ndi migodi. Mumzinda wa Tete muli Instituto Industrial e Comercial Mártires de Wiriyamu ndi Instituto Superior Politécnico de Tete. Bungwe la boma la IFPELAC limaphunzitsa maluso a miyezi yowerengeka, monga magetsi, kuwocherera ndi zomangamanga. Ndipo njira yakale ija ya mvukuto ikalipo: mnyamata wokhala pambali pa wokonza njinga zamoto pamsika, mtsikana wophunzira pa makina a wosoka zovala.

Zopinga tonse tikuzidziwa. Caka ca sukulu cimayamba nthawi yomwe fodya akufuna manja onse, kuthyola, kusoka ndi kupacika m'cigafa. Ku Tsangano mbatata ya kacewere nayo ili ndi nyengo yake. Mitsinje ikadzaza ana aang'ono sawoloka. Secundária ikakhala kutali, kholo liyenera kupeza kanyumba ka lendi ndi ufa wa mwezi ndi mwezi, ndipo mtsikana wa zaka 13 wokhala yekha kumeneko ali pangozi. Mwana wopanda cikalata ca kubadwa amapunthwa akafika pa mayeso. Pa nkhani ya atsikana malamulo asintha: kuyambira kumapeto kwa 2018 mtsikana woyembekezera sakakamizidwanso kusamukira kusukulu ya usiku, ndipo lamulo la mu 2019 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndi cilango kwa wokwatira ndi kwa okwatitsa omwe.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Nanga mwana uja wamaliza kalasi 12 n'kusowa nchito? Ndi zoona kuti maofesi a boma sangalembe ana athu onse, ndipo sukulu yathu yakhala ikukonzekeretsa ana nchito za pa desiki zimene kuno n'zocepa. Apa m'pamene pali cilema cake. Koma pepala lija linabwera mu 1902 silinacoke, langoculuka. Lero ndi pangano la fodya lokhala ndi ngongole ya feteleza, ndi tikiti yolembedwa makilo ndi giredi, ndi uthenga wa M-Pesa, ndi mlingo wa mankhwala a mbewu pa botolo, ndi cikalata ca malo. Mlimi amene amawerenga yekha zinthu zimenezi sali cimodzimodzi ndi amene amadikira kuuzidwa. Yankho la sukulu yopereŵera ndi kuiwonjezera luso la manja, osati kumucotsamo mwana.

Mbiriyi ikutionetsanso kuti amene ankatseka sukulu nthawi zambiri anali akutali: Lisboa mu 1910, nkhondo ya ku Ulaya mu 1916, bwanamkubwa mu 1922, mfuti m'ma 1980. Amene ankaitsekulanso, kapena kuinyamula pamutu kupita nayo kwina, anali anthu wamba: woyenda pansi kupita ku Mlanda, mphunzitsi wothawa nkhondo, mayi womweta udzu mu 1994. Lero palibe lamulo lotitsekera khomo. Mwana akatsala kunyumba tsopano, cifukwa cake cimakhala pafupi, m'munda, m'thumba kapena m'maganizo athu, ndipo zapafupi n'zimene tingathe kuzigwira.

Conco, makolo anzanga ndi inu mafumu athu, pali zinthu zimene sitiyenera kudikira nazo munthu wocokera ku Maputo. Sukulu iliyonse ili ndi conselho de escola, mmene makolo ndi anthu a m'mudzi ali ndi mipando. Tikhalemo, tifunse za ndalama imene boma limatumiza kusukulu caka ndi caka, tifunsenso za mphunzitsi amene saoneka Lolemba ndi Lacisanu. Tipemphe makalasi a zilankhulo ziwiri kumene kulibe. Nthawi ya currículo local tiitanire wosula, woluka, mlimi wodziwa kusunga mbewu, ndi agogo odziwa mbiri ya Makanga ndi ya Domwe, kuti maphunziro a makolo ndi a bolodi aleke kuyang'anana ngati adani. Anamkungwi ndi akulu a kudambwe apangane ndi aphunzitsi kuti miyambo izicitika pa chuthi. Tilembetse ana kubadwa kwawo akali akhanda. Ndipo akuluakulu a boma akabwera pamsonkhano, pambali pa msewu ndi mjigo tichulenso malo ogona atsikana pafupi ndi secundária, ndi malo ophunzirira luso la manja kuno komwe, kuti mwana wa ku Chidzolomondo asamafunike ndalama ya ulendo wa ku Tete asanagwire nyundo.

Agogo athu anafuna sukulu, lamulo n'kuwakaniza. Ife tinaiyamba, nkhondo n'kutidula pakati. Ana amene akulowa kalasi 1 caka cino angathe kukhala oyamba m'mabanja ambiri kuphunzira zaka 9 zathunthu popanda cowaimitsa. Kuti zitero kapena ayi, zidzaoneka m'mwezi wa Março, fodya akapsa, m'mawa umene kholo lililonse lidzasankhe ngati mwana atenge kope kapena alowe m'cigafa.